Ng'anjo Imene Inkanama

"Kokani pang'onopang'ono," anatero Pulofesa ali chiimire kumbuyo kwanga, ngati kuti ntchitoyi ndinali nditaiyamba dzulo.

Ndinali nditangofika m'mawa womwewo kuchokera kumaliro a achimwene anga, maso akulemera, fumbi la kumanda likadali m'mizere ya nsapato. Ndinalowetsa waya wokowera m'paipi ya ng'anjo, ndinakola kambale kagalasi, n'kuyamba kukakoka. Kumanzere kwanga kunaima Amake Mapasa, mayi amene ankachita maphunziro a udokotala wa sayansi pansi pa Pulofesa. Anali atapinda manja pachifuwa, ndipo ndinkamva kupuma kwawo.

Kambale kanatulukira. Pamenepo panali timiyala tisanu ndi kamodzi, kalikonse kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Timiyalato tinkayenera kukhala titafiira psuu. M'malo mwake tinali mbee, toyera ngati madzi a pampopi.

Amake Mapasa anatola kamodzi ndi kambaniro, anakayang'ana pazenera, anakatembenuza, anakayang'ananso. Anachita chimodzimodzi ndi kachiwiri, ndi kachitatu.

Amene sanalowepo mu labu ngati yathu angadabwe kuti munthu wamkulu alirirenji mwala woyera. Timiyalato ndi makirisitalo, miyala yoonekera ngati galasi imene akatswiri amayendetsamo kuwala. Amake Mapasa anali atatitumiza kutali, kumakina aakulu amene amawombera tizidutswa ta mkuwa, tosaoneka ndi maso, kuti tilowe pansi pa khungu la mwala. Anadikira miyezi khumi ndi inayi kuti nthawi yawo pamakinawo ikwane. Mwala ukamachokera kumeneko umakhala wovulala mkati, wodera ngati walowa utsi, mkuwa uli balalabalala. Apo ndiye pamafunika moto. Ukautenthetsa bwino, mabala amkati amapola, ndipo tizidutswa ta mkuwa timayamba kuyenda, kufunana, kuunjikana m'timagulu ting'onoting'ono. Timagulu timeneti ndi timene timagwira kuwala, mwala n'kufiira. Koma ukapyola muyezo timaguluto timasweka, mkuwa umamwazika n'kulowerera mkatikati mwa mwala, ndipo palibe amene angausonkhanitsenso. Mwalawo umatuluka wokongola, wopanda banga, koma ntchito ulibenso.

"Munatchera pa zingati?" anafunsa Pulofesa.

"Pa mazana asanu, monga tinagwirizana," anayankha Amake Mapasa. "Ola limodzi. Gasi ndinatsekula ndisanayatse, ndipo ndinaisiya kuti izizire yokha. Zonse zili m'buku."

"Ndiye mkuwa wapita kuti? Wamera mapiko?"

"Sindikudziwa, Pulofesa."

"Simukudziwa." Anavula magalasi n'kudzitsina pakati pa maso. "Ndinakuuzani kuti mudikire aNg'anjo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri bambo awa akundiwotchera miyala muno, sanandipherepo ngakhale umodzi. Inu tsiku limodzi lokha, chaka chathunthu chalowa m'madzi."

ANg'anjo ndinali ine. Dzinali anandipatsa ophunzira kalekale, moti langa lenileni linatsala pachiphaso chokha. Ndinene zoona, poti ndakalamba ndipo palibenso chimene ndikuteteza: mawu a Pulofesa aja anandikoma. Mayi akulimbana ndi misozi pambali panga, ine mtima unkavina.

Chimene ndinkadziwa ine ndekha ndi ichi: ng'anjo yathu inkanama. Waya woyeza kutentha umene unali mkati mwake unali wokalamba, ndipo manambala amene ankaoneka pa kabokosi ka kutsogolo ankatsalira m'mbuyo. Kabokosi kakati mazana asanu, mkatimo moto unali utadutsa kale pamenepo. Amene anandiuza zimenezi ndi madala amene ndinawalowa m'malo, tsiku limene ankapuma pantchito, atayamba atseka chitseko. "Izi zikhale m'mutu," anatero. "Tsiku limene udzazilembe papepala, mawa lake pampando wakowo adzaikapo wina aliyense." Nthawi yawo ankachotsera madigiri makumi anayi. Ine, poona mmene miyala inkatulukira zaka zikamapita, ndinafika pochotsera makumi asanu ndi limodzi. Akandiuza mazana asanu, ndinkatchera mazana anayi ndi makumi anayi, koma m'buku n'kulemba mazana asanu. Miyala inkatuluka bwino, Pulofesa ankati ndili ndi dzanja, ine n'kumavomera.

Sindinapite patali ndi sukulu ine. Anthu ankadutsa mu labu muja n'kuchoka atavala zipewa zawo zamakona anayi, ine n'kutsala ndi magolovesi anga opserera. Chinsinsi chimenechi ndicho chinali satifiketi yanga. Ndipo chaka chimenecho kunali mphekesera yoti kukubwera ng'anjo yatsopano yoyendera kompyuta, imene ngakhale mlonda wa pageti angayatse.

Ophunzira ena ankangosiya miyala yawo pabenchi ndi kapepala, ngati anthu osiya nsapato kwa wosoka. Amake Mapasa anali ena. Ankakoka kampando n'kukhala nane, mafunso ali mbwee: bwanji mumayamba ndi gasi, bwanji simutsekula ikadali yotentha, bwanji kambale mumakaika pakati penipeni? Ndinkayankha zonse, chifukwa kufunsidwa kumakoma. Koma ikafika nthawi yotchera manambala ndinkawatuma kukaona ngati silinda ya gasi ikutaya mpweya, ndipo pobwera ankapeza nditapachika golovesi pa kabokosi, ati malo ake ndi amenewo. Moto ukayaka ndinkatulutsa aliyense, ati chifukwa cha gasi. Tsiku lina anaseka n'kunena kuti, "ANg'anjo, mumabisa ngati mukulemba mayeso." Ndinaseka nawo.

Ndiye Lachitatu la mlungu umenewo, tili kumaliro, foni inalira m'thumba. Ndinapita kuseri kwa galimoto kukayankha. Anali Amake Mapasa. Anayamba ndi kupepesa, kawiri konse, kenako anafotokoza kuti makina oyezera kuwala a ku dipatimenti ina awapatsa Lachisanu lokha, akaphonya adikira miyezi iwiri. Nthawi imeneyo analibe. Anali mphunzitsi wa sekondale, tchuthi chawo cha maphunziro chinali kumapeto, ndipo sukulu yawo inkawafuna.

"Mundikhululukire bambo, ndikudziwa muli pachisoni. Ndakhala ndikukuonani mukuyatsa, ndikhoza. Koma pali china chilichonse chimene ndiyenera kudziwa?"

Funsolo ndinalimva bwinobwino. Sindinganamizire chisoni kapena phokoso la nyimbo. Ndinaganiza mofulumira kuti miyala idzangotuluka yotuwirako, osati yofiira bwino ngati yanga, ndipo onse adzaona kuti popanda aNg'anjo zinthu siziyenda. Sindinkadziwa kuti mwala wa mtundu umenewu suchedwa kutaya mkuwa.

"Palibe, mayi," ndinatero. "Tsatirani pepala."

Ndinabweza foni m'thumba n'kupita kukanyamula bokosi la achimwene anga.

Tsopano apa tinali, Lachisanu m'mawa, tonse atatu titazungulira kambale. Pulofesa anavalanso magalasi awo.

"Timiyala tatsala tingati?"

"Tiwiri. Ndinatipatula."

"Timeneto awotcha aNg'anjo Lachiwiri. Inu musayandikirenso ng'anjoyi. Ndipo Lolemba ndilembera komiti. Munati ndikupemphereni chaka china, koma ine sindingasainire munthu amene akulephera kutchera manambala atatu."

Anatuluka, chitseko chinadzitseka chokha kumbuyo kwawo. Amake Mapasa anaika timiyala takufa tija m'kabokosi kake, kalikonse pamalo pake, mosamala ngati tikadali ndi ntchito. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Pepani bambo, ndakuwonongerani mbiri ya ng'anjo yanu. Maliro anayenda bwanji?"

"Anayenda bwino," ndinayankha, maso ali pamagolovesi.

Loweruka masana mayi a kunyumba ankasita zovala pakhonde. Ine ndinali pampando, nyuzipepala pamwendo, tsamba lomwelo kuyambira m'mawa. Poyamba anandisiya, poganiza kuti ndi maliro. Koma anthu mukakhala m'banja zaka zochuluka chonchi mumadziwana ngakhale katsokomoledwe.

"Chisoni cha achimwene ndikuchidziwa," anatero osadzutsa mutu. "Ichi n'china. Mwapalamula chiyani?"

Ndinawauza. Ndinayambira kutali, kwa madala aja, kwa ng'anjo yatsopano, kwa mabwana osayamika. Anandilola kuzungulira mmene ndinkafunira mpaka ndinafika pa foni ija. Apo anaimika simbi.

"Anakufunsani?"

"Anandifunsa."

"Inu n'kuti palibe."

"Sindinkadziwa kuti ziwonongeka zonse."

"Koma munkafuna ziwonongeke pang'ono." Anandiyang'ana. "Muli pamaliro, bambo? Thupi la achimwene anu lili apo?"

Ndinapsa mtima, monga amachitira munthu akagwidwa. Ndinati iwo za kuntchito sazidziwa. Ndinati ndikaulula andichotsa, ndipo pa msinkhu wangawu angandilembe ndani? Ndinati Lachiwiri ndiwotcha tiwiri totsalato, tituluka bwino, mayiyo apezako kenakake kolemba, nkhani n'kutha.

"Tituluka bwino, inde," anatero. "Ndiye aliyense atsimikiza kuti wolakwa anali mayiyo. Inu mukwera, mnzanu atsika. Si mayi uja anabwera pano ndi tiana take tiwiri mutadwala chibayo? Uja anakubweretserani malalanje, tianato tikukwera pamipando?"

"Ndi yemweyo."

"Ine ndimauza anzanga kuti amuna anga amawotcha miyala, iwo n'kumaseka. Kani mumawotchanso anthu." Anatenga malaya anga oyera a kuntchito, amene anali pamwamba pa mulu, anawapinda osasita n'kuwaika pamwendo panga. "Awa musite nokha."

Ndinasitadi ndekha, Lamulungu madzulo, ndipo kolala ndinaipsereza. Palibe amene anandiseka, ngakhale kundilankhula. M'nyumba yonse munali ulemu wokhawokha, umene umapweteka kuposa chipongwe.

Lolemba ndinalawira, ndisanadziwebe chimene ndikachite. Njira yonse ndinkadziuza kuti kukhala chete si kunama. Ndinapeza Amake Mapasa atafika kale. Anali m'chipinda cha ng'anjo, osaikhudza, atangokhala pa kampando kaja ndi buku pamwendo. Ankawerenga zimene analemba Lachinayi, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Pambali pawo panali katoni, mmene anali atalongedzamo mabuku awo, kapu, ndi nsapato zimene ankavala mu labu.

"Ndawerenga mwina kakhumi," anatero atandiona. "Sindikupeza pamene ndinalakwitsa. Mwina mutu wangawu ndiwo wafika pothera. Amuna anga akuti ndingobwerera ku choko."

Katoniyo ndiyo inandimaliza. Ndinali nditaona anthu ambiri akulongedza mu labu muja, koma onsewo ankalongedza akuseka.

"Simunalakwitse, mayi."

Ndinatseka chitseko monga anachitira madala aja, kenako ndinachita manyazi n'kuchitsekulanso. Ndinawauza zonse ndili chiimire: za waya wokalamba, za makumi asanu ndi limodzi, za golovesi ya pa kabokosi, za manambala amene ndinkalemba m'buku. Sindinazungulire ngati kunyumba. Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena andigenda ndi bukulo, ndipo zikanatero zikanandipepukira.

Sanakalipe. Anatseka buku pang'onopang'ono.

"Pafoni paja munandimva?"

"Ndinakumvani."

"Mukudziwa kuti ndinkaopa kukuimbirani? Ndinagwira foni katatu n'kuisiya. Ndinkati bambo aja ali pachisoni, ndiwavutitsa." Anaika bukulo pa katoni. "Lachinayi ana anga anatsala okha pageti la sukulu, anzawo onse atapita, chifukwa ine ndinali pano, maso pa kabokosi aka, kuti nambala isasunthe ngakhale ndi imodzi. Sinasunthe. Ndinadzinyadira, bambo. Ndinati aNg'anjo akabwera adzandiyamikira."

"Pepani, mayi."

"Masiku atatu onsewa ndakhala ndikudzitcha chitsiru. Pamaso pa ana anga." Anaimirira, anakonza siketi. "Pepani wanuyo musungeni kaye. Tiyeni kwa Pulofesa kalata isanapite."

Anatsogola iwo, ine pambuyo. Khonde la labu yathu si lalitali, koma tsiku limenelo ndinaona chitseko chilichonse, ndi aliyense amene anandipatsa moni.

Pulofesa anamvetsera mpaka kumapeto, cholembera chili m'manja. Nditamaliza anatembenuka n'kuyang'ana shelefu ya kumbuyo kwawo, pamene panali mapepala onse amene anafalitsa pamodzi ndi ophunzira awo.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero motsitsa, "ndakhala ndikuuza dziko manambala ochokera m'mutu mwanu?"

Nkhope yawo inagwa, anaoneka okalamba kuposa ine. Anatambasula dzanja, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinamasula kiyi wa chipinda cha ng'anjo palamba n'kuwapatsa. Sanandichotse ntchito. Ananditumiza kotsuka mabotolo, kumene ndinakhala mpaka ndinapuma. Kalata ya ku komiti anaing'amba tili pomwepo n'kuyamba ina. Kwa Amake Mapasa anangoti, "Ndinakulankhulani zoipa, mayi," ndipo anawapatsa kiyi uja.

Amake Mapasa sanathamangire kuwotcha. Anakabwereka waya woyezera watsopano ku dipatimenti ina, n'kumayatsa ng'anjo yopanda kanthu, kuizimitsa, kuiyatsanso, akulemba. Ndinkamva kulira kwake kudzera m'khoma la kotsukira, ndipo manja ankafuna kusiya mabotolo. Mlungu wonse sanandilankhule. Tikakumana pakhonde ankandipatsa moni wokwanira, wosaposa ndiponso wosapererera.

Lachisanu masana anandipeza pasinki, manja ali thovu lokhalokha.

"Si makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Ndi makumi asanu ndi awiri. Ndayeza kasanu."

Chinsinsi chimene ndinatayira ulemu wanga, ngakhale icho ndinali nditachiphonya ndi madigiri khumi.

"Kamodzi ndinakawotcha dzulo, kazizira," anapitiriza. "Bwerani mudzaone ndikutulutsa. Koma musagwire kanthu."

Ndinapukuta manja n'kuwatsatira. Ndinakaima pafupi ndi zenera, manja nditawatsamiritsa pabenchi, ngati mlendo m'chipinda chimene ndinachisesa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anakola kambale ndi waya, anayamba kukoka. Ankakoka mofulumirako kuposa mmene ndikanachitira ine, pakamwa panga panayabwa, koma ndinaluma mlomo.

Kamwala kanali kofiira. Osati kufiira kokuwa ayi, koma kozama, monga chimaonekera chala ukachiika patochi. Pa miyala yonse imene ndinawotcha sindikumbukapo umene unafiira choncho. Anakatola ndi kambaniro n'kukakwezera ku dzuwa la pazenera, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Sanamwetulire. Kamwala kamodzi sikakanabweza tisanu ndi kamodzi tija. Chaka chinali chitapita ndithu, mapasa adzadikiranso pageti kambirimbiri, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Dzuwa linadutsa m'kamwalako. Kadontho ka kuwala kofiirira, kukula ngati nyemba, kanatera kumbuyo kwa dzanja langa, pakhungu lotuwa ndi sopo. Ndinasiya kupuma. Sindinasunthe ngakhale chala.

Amake Mapasa anatsitsa maso, anaona pamene kadonthoko kagwera. Anakayang'ana kanthawi, kenako anayang'ana ine. Ndiye anasuntha mkono wawo pang'ono chabe, kadontho kaja kanatsetsereka padzanja langa, kanadutsa pa chala chaching'ono, n'kukakhazikika pathabwa la benchi.